Kodi Wolangiza Amalonda a kwa Kaphuka Anayenda Njira Yotani?

Mu Sepitembala 2025 anthu a dziko lino anasankhanso Pulofesa Arthur Peter Mutharika kuti akhale Mtsogoleri wa Dziko. Monga umo zikhalira Boma likasintha, maso a anthu ambiri amakhala pa mipando: ndani adzatsogolera bungwe lakuti, ndani adzasunga thumba la ngongole, ndani adzatumidwa ku maboma kukalangiza anthu a malonda ang'onoang'ono. Nkhani zimenezi zikambidwa m'maofesi a ku Lilongwe, koma zipatso zake, zokoma kapena zowawa, zidyedwa kumidzi. Chifukwa chake lero tifuna kuti awerengi athu, makamaka inu antchito a Boma ndi inu aphunzitsi, tiganizire pamodzi funso ili: kodi munthu wopatsidwa ntchito yotsogolera ndi kulangiza amalonda aang'ono ayenera kukhala atayenda njira yotani pa moyo wake wa ntchito? Ndipo kuti tisalankhule za m'malere, tiyeni tiliyese funsoli pa dera limodzi, dera la Mfumu Kaphuka m'boma la Dedza.

MALONDA A KWA KAPHUKA

Dedza ndi dziko la mapiri ndi lozizira. Pa kalembera wa 2018 m'bomali munapezeka anthu 830,512, ndipo ochuluka mwa iwo ndi alimi. Kwa Kaphuka, monganso kwa anansi awo, nthaka ndi nyengo zilola kachewere, nyemba, kabichi, matimati ndi anyezi, pamodzi ndi chimanga, soya ndi mtedza. Msewu waukulu wa M1 wochokera ku Lilongwe udzera m'bomali, ndipo aliyense amene anayendapo adziwa milu ya kachewere ndi madengu a matimati zimene ziyalidwa pa Chimbiya ndi pa Linthipe. Malire a Mozambique sali kutali, kotero kuti zokolola za ku Angonia zilowanso m'misika ya kuno ndi kupikisana ndi zathu.

Tsono pamene tinena za malonda ang'onoang'ono kwa Kaphuka, sitinena za mafakitale ai. Tinena za mayi amene apikula kachewere kudimba nakagulitsa pamsewu, mnyamata wokazinga tchipisi pachiwaya, mwini chigayo, telala wa pakhonde, kalipentala, wakabaza, ndi mwini okala yogulitsa sopo, mchere ndi mafuta ophikira. Ambiri mwa iwo ndi alimi m'mawa ndi amalonda madzulo, ndipo ndalama ya mpamba igona m'thumba limodzi ndi ya feteleza, ya fizi ndi ya maliro.

Wofuna kulangiza anthu otere ayenera kudziwa zinthu zimene sizilembedwa pa mafomu a ku ofesi. Kachewere akhwima pa miyezi itatu kapena inayi. Ngongole imene ifuna kubwezedwa kuyambira mwezi woyamba imukakamiza mlimi kugulitsa mbuzi mbewu isanakhwime. Kachewere sasungika nthawi yaitali monga chimanga, ndipo matimati aola pa masiku owerengeka, choncho anthu onse akakolola nthawi imodzi mtengo ugwa, ndipo wogula wodza ndi galimoto ndiye alamula. Muyeso wa pamsika kawirikawiri ndi ndowa ndi thumba, osati sikelo, ndipo thumba likasokereredwa pakamwa lilowa zambiri pa mtengo womwewo. Nthenda ya chiwawu ingathe kutha munda wonse m'nyengo ya mvula ndi nkhungu. Ngongole yofika nthawi yobzala itapita isanduka ndalama ya ndiwo, koma mwini wake adzafunsidwabe kuibweza. Zonsezi munthu aziphunzira pokhala pamsika, kapena pokhala pansi ndi kumvera amene akhala pamsika.

ZIMENE MBIRI YATHU ITIPHUNZITSA

Akuluakulu akumbukira alangizi a malimidwe a m'zaka za m'ma 1950, nthawi ya Boma la Atsamunda. Iwo ankalamula mizere yopingasa ndi migula, ndipo wosamvera ankalipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa. Zambiri zimene ankaphunzitsa zinali zoona, pakuti nthaka ya m'mapiri ikokoloka ndithu. Koma mlangizi anadza ngati wapolisi, ndipo anthu anadana ndi uphungu pamodzi ndi mwini wake. Ichi ndicho chiphunzitso choyamba: uphungu wabwino ufa ngati wouperekayo sadziwa kukhala ndi anthu.

Pamene dziko linalandira ufulu mu 1964, anthu ophunzira anali ochepa, ndipo ambiri mwa iwo anali aphunzitsi, akalaliki ndi olemba nkhani. Iwo ndiwo anasenza ntchito ya chuma cha dziko. Dedza yemwe anapereka chitsanzo chodziwika. Malemu John Tembo, obadwa mu 1932, anaphunzira ku Roma m'dziko la Basutoland, limene lero ndi Lesotho, naphunzitsa pa sukulu ya sekondale ya Dedza ndi ya Robert Blake ku Kongwe asanalowe ndale. Pambuyo pake anakhala Nduna ya Zachuma, ndiponso Gavanala wa Reserve Bank kuyambira 1971 kufikira 1984. Malemu Aleke Banda, amene anawalowa m'malo pa unduna wa zachuma mu 1969, anayamba ngati mkonzi wa nyuzipepala ya Malawi News. Sitinena izi monyoza. M'badwo umenewo unamanga zinthu zazikulu: ndalama yathu ya kwacha ndi bungwe la ADMARC zonse zinayamba mu 1971. Koma nzeru yoyendetsa chuma cha dziko ndi ina, ndipo nzeru yoyendetsa sitolo ya pamudzi ndi inanso.

Kusiyana kumeneku kunaonekera poyera m'zaka za m'ma 1970. Kuyambira mu 1970 Boma la Dr. Kamuzu Banda linalamula amalonda a Chimwenye kuti achoke kumidzi, ndipo pofika 1978 anatsala m'mizinda ikuluikulu yokha. Cholinga chinali chakuti malonda a kumidzi akhale m'manja mwa Amalawi. Masitolo ambiri anatengedwa ndi anthu athu, ena mwa iwo opuma pa ntchito za Boma amene anali ndi kandalama m'manja. Koma ambiri mwa masitolowo anatsekedwa pasanapite zaka zambiri, ndipo mpaka lero m'malo ena a malonda muoneka nyumba zakale za makhonde aatali zimene zinasanduka mabwinja kapena mosungira chimanga. Eni atsopanowo anali ndi nyumba ndi mpamba, koma analibe chizolowezi cha kuoda katundu woyenda msanga, kukana ngongole kwa mbale, ndi kusiyanitsa phindu ndi mpamba.

Boma linaona vutoli ndipo silinakhale chete. Mu 1979 linakhazikitsa bungwe la DEMATT kuti lilangize amalonda a Chimalawi. Mu 1982 kunabadwa SEDOM yopereka ngongole kwa amisiri ndi ena a ntchito zazing'ono, ndipo ku Mponela kunali sukulu ya MEDI yophunzitsa oyamba malonda. Pambuyo pake mabungwe atatuwa anaphatikizidwa kukhala limodzi lotchedwa SMEDI. Ichi ndicho chiphunzitso chachiwiri: Boma lomwe linavomereza kalekale kuti ndalama yokha si malonda, ndi kuti pafunika mlangizi.

NGONGOLE ZA MAKALABU NDI MATUMBA A BOMA

Pali chitsanzo china chimene alimi a ku Dedza achidziwa bwino, ndicho ngongole za makalabu. Kwa zaka zambiri alimi ankalandira feteleza ndi mbewu pa ngongole kudzera m'makalabu, ndipo kuyambira 1988 ntchitoyi inali pansi pa nthambi yotchedwa SACA. Zaka zambiri ngongole zoposa 90 mwa 100 zilizonse zinkabwezedwa, chinthu chimene maiko ena ankachisirira. Nzoona kuti panali mantha a nthawi ya chipani chimodzi, ndipo sitifuna kuti mantha amenewo abwerere. Koma panalinso chifukwa china. Woyang'anira ngongole anali mlangizi wa zaulimi amene ankakhala m'dera lomwelo, wodziwa munda wa munthu aliyense ndi nthawi imene mbewu ikhwima, ndipo kalabu yonse inkasenza mlandu wa membala wake. Chilala cha 1992 ndi ndale za 1993 ndi 1994 zinagwetsa dongosololi, pamene mbiri inafala kuti ngongole ya Boma ndi mphatso.

Kuyambira pamenepo taona matumba otsatizana. Mu 1994 kunadza MRFC. Mu 2005 kunadza MARDEF, imene mu 2014 inatchedwa MEDF, ndipo mu 2020 inatchedwa NEEF. Boma lililonse linaika ndalama zambiri ndi cholinga chabwino, ndipo alipo anthu amene anatukuka nazo. Koma dandaulo limodzi lakhala likubwerabwera pa nthawi ya maboma onse, lakuti ngongole zambiri sizibwezedwa. Sitiloza chala chipani chimodzi. Tingonena kuti kusintha dzina la thumba sikusintha maso a munthu amene akhala pa tebulo kuweruza kuti uyu alandire, uyu adikire. Ngati munthuyo adziwa kuona ngati fomu yadzazidwa bwino, koma sadziwa kuona ngati malondawo angabweze ndalama, thumba lidzabooka ngakhale litapatsidwa dzina lokoma chotani.

NJIRA ZA ATSOGOLERI ATHU

Tikayang'ana Atsogoleri a Dziko, tiona kuti aliyense anadza ndi zimene njira yake inamuphunzitsa. Dr. Bakili Muluzi, amene anali munthu wa malonda, ankalimbikitsa anthu kuchita geni, ndipo mu 2003 anabweretsa kuchokera ku Japan ntchito ya OVOP, yoti mudzi uliwonse udziwike ndi chinthu chimodzi chimene upanga bwino. Pulofesa Bingu wa Mutharika, katswiri wa zachuma amene anatsogolerapo bungwe la COMESA, anaika mtima pa chakudya ndi feteleza wotsika mtengo kuyambira 2005. Dr. Joyce Banda anayamba ngati sekiritale, natsegula malo osokera zovala ndi ophikira buledi, ndipo mu 1990 anayambitsa bungwe la amayi a malonda la NABW. Iwo anadziwa okha kuvuta kwa mayi wopita kubanki wopanda chikole. Dr. Lazarus Chakwera anachokera ku ubusa, ndipo Pulofesa Peter Mutharika anaphunzitsa malamulo zaka zambiri ku Washington University mu mzinda wa St. Louis.

Njira zonsezi ndi zolemekezeka, ndipo iliyonse ili ndi mphatso yake. Wazachuma aona dziko lonse, wamalamulo aona dongosolo, mbusa adziwa mitima ya anthu, wamalonda adziwa kuwawa kwa katundu wotsala. Koma Mtsogoleri wa Dziko, angakhale wanzeru chotani, sangaime pa Chimbiya kuwerenga matumba. Iye aloza njira. Amene akumana ndi mayi wa kachewere ndi mlangizi wa m'dera, kalaliki wa ngongole, ndi ofesala wa zamalonda wa ku khonsolo. Chifukwa chake mbiri ya ntchito ya anthu a pansiwa ndi yofunika monga ya a pamwamba, kapena kuposa.

Taganizani za Novembala 2023, pamene mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti. Mwini okala amene anagulitsa sopo wake pa mtengo wakale anaona ngati wapindula, koma atapita kukaoda anapeza kuti ndalama yonse, mpamba ndi phindu, sikwana kugula makatoni amene anali nawo poyamba. Mlangizi amene anagulitsapo malonda akadamuuza tsiku lomwelo kuti mtengo uikidwa poyang'ana za mawa kokaoda, osati za dzulo. Mlangizi wodziwa mafomu okha akadamuyamikira kuti buku lake laonetsa phindu.

KODI WA BOMA NDI MPHUNZITSI SANGATHE?

Wina angafunse kuti, kodi tsono mukuti ife antchito a Boma ndi aphunzitsi tichoke pa ntchito imeneyi? Iai, sititero. Zitsanzo ziwiri za kunja zitiyankha. Morihiko Hiramatsu, amene anayambitsa ntchito ya mudzi umodzi chinthu chimodzi mu 1979 m'chigawo cha Oita ku Japan, anali wantchito wa Boma mu unduna wa zamalonda asanakhale bwanamkubwa wa chigawocho. Nzeruyo sanaitulutse m'kabati ya ofesi. Anaiona kwa alimi a m'midzi monga Oyama, amene anali atayamba kale kubzala zipatso za mtengo wapatali m'malo modalira mpunga wokha, ndipo iye anaifalitsa. Muhammad Yunus wa ku Bangladesh anali mphunzitsi wa zachuma pa yunivesite ya Chittagong. Mu 1976 anatsikira m'mudzi wa Jobra, nafunsa anthu osauka za malonda awo, nabwereketsa madola 27 kwa anthu 42. M'menemo munabadwa Grameen Bank mu 1983. Mmodzi anali wa Boma, wina mphunzitsi, koma onse awiri anayamba ndi kufunsa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Ndiponso tisaganize kuti munthu aliyense wa malonda ndiye mlangizi wabwino. Wamalonda woikidwa pa thumba la anthu onse angathe kukondera anzake, kapena kuopa kuphunzitsa amene mawa adzapikisana naye. Apa ndipo pafunika mwambo wa wantchito wa Boma: kusunga mabuku, kutsata lamulo, kusayang'ana nkhope. Apa ndiponso pafunika luso la mphunzitsi, pakuti kudziwa chinthu ndi kwina, kuchifotokoza kuti wina amve ndi kwinanso. Mutu umodzi susenza denga.

Umboni uli pakhomo pathu pomwe. Magulu a banki m'khonde, amene njira yake inayambira ku Niger mu 1991 ndi bungwe la CARE, afalikira m'midzi yambiri ya dziko lino. Amayi a m'magulu amenewa alibe madigiri, koma abwereketsana ndi kubwezerana, chifukwa wobwereketsa adziwa malonda a wobwereka, adziwa tsiku la msika, ndipo ndalamayo ndi yake. Koma akafuna kukula, kulembetsa kopaletivi monga mwa lamulo la 1998, kapena kugulitsa ku masitolo aakulu a ku Lilongwe, afuna munthu wodziwa mapepala. Magulu awiriwa afunana.

ZOYENERA KUCHITA

Poona zonsezi, tipempha zinthu zinayi, ndipo tikhulupirira kuti zigwirizana ndi cholinga cha Boma cha kudzidalira pa chuma, chimene chinalembedwa m'masomphenya a Malawi 2063.

Choyamba, posankha atsogoleri a mabungwe othandiza malonda aang'ono, pakhale ena amene anayendetsapo malonda awoawo ndi kulipira antchito kuchokera m'thumba lawo, pamodzi ndi akatswiri a mabuku ndi a malamulo. Mbiri ya ntchito ya aliyense ilengezedwe poyera, kuti anthu adziwe amene awasungira thumba.

Chachiwiri, ofesala wotumidwa ku boma monga Dedza asayambe kuweruza za ngongole asanayende m'misika nyengo imodzi yathunthu, kuyambira pobzala kufikira pogulitsa. Kwa Kaphuka kuli dera la zaulimi lokhala ndi alangizi ake, amene adziwa midzi ndi madimba. Wa zamalonda ayende nawo, m'malo moyenda yekha ndi chikwama cha mafomu, ndipo nthawi yobweza ngongole ifanane ndi nthawi imene malondawo abala.

Chachitatu, monga umo unduna wa zaulimi ugwiritsira ntchito alimi otsogola kuphunzitsa anzawo, pakhalenso amalonda otsogola. Mayi amene wagulitsa kachewere zaka makumi awiri osagwa ali ndi sukulu m'mutu mwake. Aitanidwe kudzaphunzitsa, osati kudzangokhala pa benchi kumvera mnyamata wochokera ku koleji.

Chachinayi chikhudza inu aphunzitsi. Ana ambiri amene ali m'kalasi mwanu lero sadzalembedwa ntchito m'maofesi, koma adzakhala alimi ndi amalonda. Masamu a phindu ndi kuluza aphunzitsidwe ndi ndowa ya kachewere, mtengo wa galimoto, chiphaso cha msika ndi matimati oola, kuti mwana aone kuti sukulu inena za moyo wa kwawo. Ndipo inu nonse amene muyembekeza kupuma pa ntchito ndi kutsegula sitolo ndi ndalama ya penshoni, kumbukirani masitolo a m'ma 1970. Musachite manyazi kukhala pansi pa mapazi a mwini okala amene munamuphunzitsa ali mwana.

Boma lingathe kumanga misewu, kutsegula matumba a ngongole ndi kukhazikitsa malamulo abwino, ndipo lichita zimenezi ndi ndalama za msonkho wa ife tonse. Koma ngati ndalamazo zidzabala kapena zidzalowa m'madzi, zidalira munthu amene afika pa khomo la wamalonda wa kwa Kaphuka. Tisanamufunse munthuyo za mapepala a sukulu yake, timufunse kuti anayenda njira yotani, anagulitsapo chiyani, analuzapo chiyani, ndipo ngati sanagulitsepo kanthu, timufunse ngati ali wokonzeka kuphunzira kwa amene agulitsa.